Bungwe la makaputeni a ku Copenhagen linkateteza ndani?

Kalulu_wa_Mbiri:
Moni nonse pagulu pano. Sabata yatha a Mphunzitsi_Wopuma anatchula mongodutsa kuti ku Copenhagen oyendetsa zombo anali ndi bungwe lawolawo kuyambira mu 1634, lotchedwa Københavns Skipperlav. Nkhaniyo inakwiririka ndi mkangano wa mpira uja, koma ine ikundizungulirabe m'mutu. Kaputeni ndi bwana kale, m'chombo mawu ake ndi lamulo. Nanga bungwe ankalifuniranji? Mabungwe amapanga ndi anthu oponderezedwa. Kodi limeneli silinali kalabu chabe ya madoda a ndalama yomwerako mowa?

Tsabola:
Mowa unalipo, pamenepo musakayike. Anthu a panyanja akafika kumtunda samwa thobwa.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Kalulu, funso ndi labwino koma kaputeni mwamukweza mopitirira. Panyanja anali bwana, inde. Kumtunda anali munthu wapakati: pamwamba pake pali eni chombo ndi amalonda eni katundu, pansi pake amalinyero. Kawirikawiri iyenso ankakhala ndi gawo m'chombomo, chifukwa zombo zinkagulidwa mosonkherana, wina theka, wina kagawo kakang'ono. Ndiye chombo chikamira, munthu yemweyo wataya ntchito, wataya chuma, ndipo nthawi zambiri wataya ndi moyo womwe. Kunyumba kwatsala mayi ndi ana, maliro opanda mtembo.

Bungweli linakhazikitsidwa mu ulamuliro wa Christian IV, mfumu ya Denmark. Mtsogoleri wake ankatchedwa oldermand, monganso m'mabungwe a amisiri ena a nthawi imeneyo, osula zitsulo, osoka nsapato, ophika buledi. Mamembala ankasonkha ndalama m'bokosi la bungwe, ndipo m'menemo ndi momwe munkachokera chithandizo cha akazi amasiye, ana amasiye ndi makaputeni amene ukalamba kapena matenda zawatsitsa m'chombo.

Koma zimene mukuzinunkhizazo ziliponso. Bungwe la mtundu umenewu linalinso mpanda. Lamulo la mabungwe a m'mizinda linali lakuti ntchitoyo aigwire ndi munthu amene walandira unzika wa mzindawo ndiponso walowa m'bungwe. Wakunja kwa mpanda, ngakhale aidziwe nyanja bwanji, njira yake inali yopapatiza.

Kalulu_wa_Mbiri:
Ndiye mfumu inkangoyang'ana anthu akudzitsekera msika chonchi?

Mphunzitsi_Wopuma:
Inkasinthasintha maganizo. Christian IV yemweyo anathetsa mabungwe a amisiri mu 1613 poona kuti akukweza mitengo ndi kutsekereza anzawo, koma mu 1621 anawalolanso. Pa nkhani ya zombo anali ndi njala yaikulu. Kampani yochita malonda ndi India inayamba mu 1616, mu 1620 a Denmark anali atakhazikika kale ku Tranquebar, pagombe la India, ndipo mu 1618 anayamba kumanga Christianshavn, dera la amalonda mu Copenhagen lokhala ndi ngalande zoti zombo zizifika pakhomo. Mfumu yotere inkafuna makaputeni odziwika, olembedwa, oti ikawafuna iwapeze malo amodzi. Bungwe linkathandiza mamembala ake, koma linkapeputsanso ntchito ya boma.

Nachisale_DK:
Ine ndimakhala konkuno ku Denmark ndiye ndiponyepo zomwe maso amaona. Mukalowa m'matchalitchi ambiri a kuno, makamaka a m'mbali mwa nyanja, mupeza kachombo kamatabwa kakulendewera kudenga pakati pa mipando, kutsogolo kwake kutaloza kuguwa. Kali ndi zingwe zonse, matanga, tinangula, mwina ndi timizinga tomwe. Tambiri tinaperekedwa ndi anthu a panyanja kapena mabungwe awo. Tsiku lina ndinakhala pansi pa kamodzi nthawi yonse ya mapemphero, khosi kuwawa chifukwa choyang'ana kumwamba, ulaliki wonse unandidutsa.

Chinanso, alendo akaona nyumba zachikasu zondandalika za ku Nyboder amati ndi za makaputeni aja. Ayi. Zimenezo Christian IV anayamba kumanga mu 1631 kuti muzikhala anthu a zombo zankhondo za mfumu ndi mabanja awo. Ofuna kuona kumene oyendetsa zombo zamalonda ankakhala apite ku Dragør, kufupi ndi bwalo la ndege. Tinjira take ndi tamiyala, topanikizana moti galimoto imavutika.

M'bale_wa_ku_Joni:
Zimene afotokoza aphunzitsizi ine sizikundidabwitsa. Ndi sosaiti ya maliro basi, ngati yathu kuno. Timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lipite kumudzi. Wosasonkha, ngakhale akhale wa mudzi umodzi ndi tcheyamani, thumba silimasulidwa. Chaka chatha tinakangana mpaka usiku pa za mnyamata wina amene ntchito itamuthera anadukiza kusonkha, kenako n'kumwalira. Ena akuti lamulo ndi lamulo, ena akuti kodi timusiye m'mochale? Mapeto ake tinachita kuyendetsa chipewa padera. Ndikhulupirira makaputeniwo ankakangananso zomwezi.

Tsabola:
Achimwene, sosaiti yanu singaletse munthu kugwira ntchito ku Joni. Kusiyana kuli pamenepo, ndipo si kwakung'ono.

M'bale_wa_ku_Joni:
Tikanakhala ndi mphamvuzo mukuganiza sitikanaletsa?

Dalaivala_wa_Beira:
Ine ndifunse zanga. Anthu amenewa ankalimbananso ndi a kasitomu ngati ife? Chifukwa ngati ayi, ndiye ankangodyerera.

Namondwe:
A Dalaivala, kasitomu yotchuka kwambiri ku Ulaya konse inali ya Denmark yomweyo. Chombo chilichonse chachilendo cholowa kapena kutuluka m'nyanja ya Baltic kudzera pa mpata wa Øresund chinkayenera kuima pa Helsingør n'kulipira msonkho kwa mfumu. Zinayamba cha mu 1429. Mpatawo ndi wopapatiza, makilomita 4 okha pamene pachepetsetsa, ndipo mizinga ya pa linga la Kronborg inali yolunjika pamadzi.

Kuyambira mu 1567 anayamba kulipiritsa molingana ndi mtengo wa katundu. Mtengowo ankatchula ndi kaputeni mwini wake. Koma mfumu inali ndi ufulu wogula katundu yense pa mtengo umene watchulawo. Ukatchula wotsika kuti uzembe msonkho, akugula katundu motchipa, ukafotokoza bwanji kwa eni ake? Ukatchula wokwera, msonkho ukupweteka.

Dalaivala_wa_Beira:
Eee! Nzeru imeneyo isamveke kumalire kuno chonde. Fufutani uthengawo.

Tsabola:
Mochedwa, ena ajambula kale.

Kalulu_wa_Mbiri:
Tabwererani ku bungwe, abale. Kumira kwa chombo ndamva. Koma zombo zimamira kulikonse. Panalinso china chimene chinkawaopsa mpaka kusonkherana?

Namondwe:
Chinalipo, ndipo ena pano chiwadabwitsa: kugwidwa ukapolo. Zombo za achifwamba zochokera ku Algiers, Tunis, Tripoli ndi Salé, kumpoto kwa Africa, zinkagwira zombo zamalonda za ku Ulaya, anthu ake n'kukawagulitsa kapena kuwasunga mpaka abale atumize dipo. Sizinkathera ku Mediterranean kokha. Mu 1627 anafika mpaka ku Iceland, imene inali pansi pa mfumu ya Denmark, n'kutenga anthu pafupifupi 400. Obwerera kwawo anali ochepa.

Makaputeni a ku Hamburg ndi amene anayamba kudzikonzekera: mu 1622 anakhazikitsa thumba lawolawo loombolera mamembala ogwidwa. Onani chaka chimenecho ndi 1634, muona kuti nthawi yake ndi imodzi, mantha ake ndi amodzi. Ku Denmark boma linadzalowererapo mu 1715, mu ulamuliro wa Frederik IV, pokhazikitsa Slavekassen, thumba loombolera ogwidwa ukapolo. Amalinyero ankadulidwa pa malipiro, eni zombo ankapereka, ndipo m'matchalitchi munkayenda mbale ya chopereka. Dipo la kaputeni linkakwera kwambiri kuposa la mmalinyero wamba, chifukwa ogwirawo ankadziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu a ndalama.

Pambuyo pake anaona kuti kulipiriratu n'kotchipa. Anapangana ndi Algiers mu 1746, kenako Tunis, Tripoli ndi Morocco, n'kumatumiza mphatso kuti zombo za mbendera yawo zisakhudzidwe. Algiers itakweza zofuna zake, a Denmark anatumiza zombo zankhondo mu 1770 kukaphulitsa mzindawo, koma zinakanika, n'kubwereranso ku mphatso zomwe zija.

Nachisale_DK:
Pali nkhani ya mnyamata wina, Hark Olufs, wa pa chilumba cha Amrum chimene nthawiyo chinali pansi pa mfumu ya Denmark. Anagwidwa mu 1724 ali wachichepere, anakathera m'nyumba ya wolamulira wa ku Constantine, ku Algeria, anakwera mpaka kukhala msungichuma ndi mkulu wa asilikali a pa akavalo, ndipo anamasulidwa mu 1735 n'kubwerera kwawo ali wolemera. Mwala wa pamanda ake ulipobe pa Amrum, mbiri yake yolembedwa pamwalapo.

Mlongo_Wanu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiye ayi. Tikumvera chisoni anthu amene ankasonkherana kuti aombole anzawo ku ukapolo ku Algiers, pamene zaka zomwezo zombo za mbendera yomweyo zinkanyamula anthu akuda pa Christiansborg, linga lija lili ku Osu mu Accra, kupita nawo ku St. Thomas, St. John ndi St. Croix, zilumba za Denmark za ku West Indies? Anthu pafupifupi 100,000 anawoloka Atlantic m'zombo za Denmark ndi Norway. Kutanthauza kuti ululu wa ukapolo ankaudziwa bwinobwino. Mbale inkayenda m'tchalitchi, abusa akulalikira za m'bale wathu womangidwa unyolo kwa anthu achilendo, kwinaku padoko chombo china chikupakira maunyolo opita ku Guinea, gombe la kumadzulo kwa Africa. A Kalulu munafunsa kuti linali bungwe la oponderezedwa kapena la madoda. Yankho ndi limenelo.

Tsabola:
Mchemwali wabwera ndi moto.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi, zimene mwanenazo ndi zoona ndipo palibe angazifufute. Koma tisasakanize zinthu ziwiri. Malinga a ku Gold Coast, Ghana ya lero, ndi zilumba zija zinali m'manja mwa makampani opatsidwa chilolezo ndi mfumu, monga kampani ya West India ndi Guinea imene inayamba mu 1671, ndipo kenako m'manja mwa boma lenilenilo. Bungwe la makaputeni silinali kampani, linalibe zombo kapena malinga. Makaputeni ambiri a ku Denmark moyo wawo wonse unathera pakati pa Baltic, Norway, Holland ndi England, kunyamula tirigu, matabwa, nsomba, mchere, chitsulo. Ambiri gombe la Africa sanalionepo.

Mlongo_Wanu:
Bambo aphunzitsi, kampani ndi pepala, siyendetsa chombo. Pa chiwongolero pamakhala munthu. Tengani chombo cha Fredensborg. Chinachoka ku Copenhagen mu 1767, chinanyamula akapolo 265 ku Gold Coast, chinakawagulitsa ku St. Croix, ndipo pobwerera chinasweka mu December 1768 kufupi ndi Arendal ku Norway. Osambira pansi pa nyanja atachipeza mu 1974 anatulutsamo minyanga ya njovu. Mabuku a m'chombomo anapulumuka, ndiye ulendo wonse ukudziwika tsiku ndi tsiku. Amene ankalemba m'mabukumo kuti lero wafa kapolo, taponya m'madzi, anali anthu a ntchito yomweyi ya panyanja. Ndipo wonyamula matabwa uja, shuga wa ku St. Croix woyengedwa ku Copenhagen ankafika ku madoko a Baltic m'chombo cha ndani?

Mphunzitsi_Wopuma:
Za shuga ndikugwirizana nanu, chuma cha mzinda wonse chinanona nazo. Chimene ndikukana n'kunena kuti bokosi la akazi amasiye linali chinyengo. Mayi amene mwamuna wake anamira atanyamula tirigu wopita ku Bergen anali wamasiye weniweni, njala yake inali yeniyeni.

Mlongo_Wanu:
Sindinati chinyengo. Ndati chifundo chawo chinali ndi malire, ndipo malirewo anawalemba okha.

Namondwe:
Onse awiri mukunena zoona, koma ine ndili kumbali ya a Mlongo pa mfundo imodzi. Bungwe lotere funso lake loyamba silikhala lakuti ndani akuvutika, koma ndani ali m'buku. Ngakhale mmalinyero wamba wachizungu, amene ankakwera pamwamba pa mlongoti kukapinda matanga kuli chipale chofewa, m'bungwe la makaputeni munalibe mpando wake. Ngati wogona naye m'chombo chimodzi anali kunja, kuli bwanji womangidwa pansi pa chombocho?

M'bale_wa_ku_Joni:
Apa ndiye mwatilasa tonse a masosaiti.

Chiombankhanga:
Pepani ndalowa mochedwa, netiweki kuno ikuchita kufuna kukwera chulu. Bwanji palibe watchula Flensburg? Bungwe la oyendetsa zombo la kumeneko linamanga nyumba yake padoko mu 1602, Kompagnietor, ndipo ilipobe mpaka lero, chizindikiro cha Christian IV chili pakhoma. Ya ku Copenhagen ija ndi mng'ono wake.

Tsabola:
Flensburg ili ku Germany, madala. Tsegulani mapu.

Chiombankhanga:
Mapu a lero, mphwanga. Mzindawo unali m'dera la Schleswig, pansi pa mfumu ya Denmark, mpaka nkhondo ya mu 1864 pamene Prussia ndi Austria analanda. Pa voti ya mu 1920 kumpoto kwa Schleswig kunabwerera ku Denmark, Flensburg inasankha kutsala ku Germany, n'chifukwa chake malire ali pamphuno pa mzindawo. Koma nthawi imene tikukambayi linali limodzi mwa madoko akuluakulu a ufumu wa Denmark. Ndipo a Mlongo_Wanu akonde izi: kuyambira mu 1755 zombo za ku Flensburg zinkapita ku zilumba za West Indies zija kukatenga shuga ndi ramu. Mpaka lero mzindawo umadzitama ndi ramu, chonsecho nzimbe sizimera kumeneko.

Mlongo_Wanu:
Sindingakonde, koma zikomo pondiwonjezera umboni.

Dalaivala_wa_Beira:
Ramu ameneyo amakoma kuposa wa ku Mozambique? Ndikufunsira mnzanga.

Nachisale_DK:
A Dalaivala, yang'anani msewu.

Kalulu_wa_Mbiri:
Ndiye zinatha bwanji? Bungwe la mphamvu chonchi linangozimirira?

Mphunzitsi_Wopuma:
Linagwa pang'onopang'ono, ndipo nkhonya yoyamba inachokera kunja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 Denmark sinkalowerera nkhondo za maiko akuluakulu, ndiye pamene England ndi France ankamenyana, zombo za Denmark zinkanyamula katundu wa onse. Makaputeni ndi amalonda a ku Copenhagen analemera kwambiri nthawi imeneyo. Angerezi anatopa nazo. Mu 1801 anamenyana padoko la Copenhagen, mu 1807 anabweranso, anaphulitsa mzindawo ndi mabomba n'kutenga zombo zankhondo zonse. M'nkhondo yotsatirayo zombo zamalonda zambirimbiri zinalandidwa, amalinyero ambiri anakatsekeredwa m'zombo zakale zosandutsidwa ndende ku England. Mu 1813 chuma cha boma chinagweratu, ndalama inasanduka mapepala, ndipo mu 1814 Norway inachoka m'manja mwa Denmark. Bokosi lililonse la chithandizo nthawi yotere limaona zakuda: opempha achuluka, osonkha achepa.

Nkhonya yachiwiri inali ya lamulo. Mu 1857 nyumba ya malamulo inavomereza ufulu wochita ntchito ndi malonda, ndipo lamulolo litayamba kugwira ntchito mu 1862 mabungwe onse aja anataya mphamvu yotsekereza anthu. Chaka chomwecho cha 1857 msonkho wa pa Øresund unathanso, maiko atalipira Denmark chipukuta misozi. Mpanda unagwa, koma chithandizo chinatsala. Bungwe la ku Copenhagen linapitirira ngati bungwe lolowa mwakufuna, Københavns Skipperforening, likusamalira makaputeni okalamba ndi akazi amasiye.

Namondwe:
Muwonjezerepo sitima za nthunzi. Chombo cha matanga anthu a m'tauni imodzi ankatha kusonkherana n'kugula, kaputeni n'kukhala mwini gawo. Sitima yachitsulo ya malasha inkafuna ndalama za kampani ya masheya. Kaputeni anasanduka wolembedwa ntchito, wa malipiro a pamwezi, ndipo zofuna zake zinayamba kufanana ndi za wantchito aliyense: malipiro, maola, penshoni. Apa ndiye mabungwe a mtundu umene a Kalulu amaudziwa aja anayamba kumveka. Matauni ngati Marstal ndi Svendborg anakakamirabe matanga kwa zaka zambiri ndithu, mpaka kulowa m'ma 1900.

Dalaivala_wa_Beira:
Svendborg ndaimvapo. Si kwawo kwa makontena a nyenyezi yoyera amene ndimakoka kuchokera kudoko aja?

Nachisale_DK:
Komweko. Kaputeni Peter Mærsk Møller ndi mwana wake A.P. Møller anayambitsa kampani ya sitima za nthunzi ku Svendborg mu 1904, ndiyo muzu wa Maersk. Mwanayo anabadwira ku Dragør kuja ndinatchula. Bambo anali wa m'badwo wa matanga amene anaona kumene mphepo ikulowera n'kugula sitima ya nthunzi. Likulu lawo lili pa msewu wa Esplanaden mu Copenhagen, ndipo ukayenda pang'ono m'mbali mwa madzi umafika pa nyumba yaikulu ya njerwa yosungiramo katundu wa ku West Indies, ya m'ma 1780. Anthu amathamanga majowajowa kudutsa pamenepo m'mawa uliwonse.

Dalaivala_wa_Beira:
Ndiye kaputeni mmodzi anathawa mpanda n'kumanga wake wokulirapo. Tsiku limene kontena yachedwa kubwezedwa, ndalama ya chilango imene amawerengera abwana anga ndi yosayamba.

Kalulu_wa_Mbiri:
A Mlongo, ndimawerenga kuti Denmark ndi dziko loyamba ku Ulaya kuletsa malonda a akapolo. Pamenepo simuwapatsako ulemu?

Mlongo_Wanu:
Werengani madeti ake, achimwene. Lamulo linasainidwa mu 1792 koma linati liyambe kugwira ntchito mu 1803. Zaka khumi zapakatizo zinali zoti eni minda ya nzimbe adzaze minda yawo ndi anthu, ndipo boma linkawabwereketsa ndalama zogulira, makamaka akazi, kuti akapolo azibadwira konko. Zombo zinapita ku Guinea mochuluka m'zaka zimenezo, osati mochepa. Ukapolo weniweniwo unatha mu 1848, ndipo unatha chifukwa anthu a ku St. Croix anaukira n'kuzinga linga la ku Frederiksted mpaka bwanamkubwa Peter von Scholten analengeza ufulu. Eni minda analandira chipukuta misozi, omasulidwawo sanalandire kanthu. Malinga a ku Gold Coast anagulitsidwa kwa Angerezi mu 1850, zilumbazo kwa Amereka mu 1917 pa madola 25 miliyoni.

Mphunzitsi_Wopuma:
Madeti onsewo ndi olondola. Pa za bokosi la amasiye paja ndiye sindinasunthe.

Mlongo_Wanu:
Inenso sindinasunthe, bambo.

Dalaivala_wa_Beira:
Mzere wayamba kuyenda, ndikawerenga zotsalazo ndikadutsa sikelo. A Chiombankhanga, za ramu zija simunandiyankhe.